Tsiku limene Phiri la Mulanje linathamanga

M'gulu lathu lopanga makatuni ine sindijambula anthu. Gawo langa ndi lakumbuyo: nyumba, mitengo, mitambo, njira, zonse zimene mwana wa m'katuni amadutsa popanda woonera kuzilabadira. Ukaigwira bwino ntchitoyi palibe amakutama, koma ikangophonyeka mudzi wonse umakuloza chala.

Bungwe lina linatipatsa ntchito yopanga kafilimu kophunzitsa ana kusamba m'manja ndi sopo. Kamtsikana kathu kamachoka pamjigo kupita kwawo, ndowa ili pamutu. Kumbuyo kwake ndinaikako mtengo wa mango, minda ya tiyi yobiriwira, kenako Phiri la Mulanje lenilenilo, mitambo itakuta pamwamba. Ndinajambula mu Krita n'kulowetsa mu Blender, poti mapulogalamu awiriwa ndi aulere ndipo thumba lathu silinkalola zogula.

Chithunzi chakumbuyo sichikhala chimodzi ayi. Timachidula m'magawo, anzanga amati ma layer: udzu wapafupi paokha, mtengo paokha, minda, phiri, thambo. Kamera ikamayenda, chapafupi chimadutsa mofulumira, chakutali pang'onopang'ono. Amene anakwerapo minibasi ya ku Muloza akudziwa: mitengo ya m'mbali mwa msewu imangozimiririka, koma phiri limakuperekezani ulendo wonse. Ndiye gawo lililonse umalipatsa nambala yake ya liwiro.

Manambalawo ndinalemba pakati pa usiku, magetsi atangoyaka, maso ali gwa ndi tulo. Sekondi imodzi ya filimu imadya zithunzi 24, kotero masekondi 30 a kamtsikanako ndi zithunzi 720, ndipo laputopu yanga yokalamba inachezera kuzipanga mpaka tambala kulira. M'mawa ndinatsegula chithunzi chimodzi chokha. Chokongola zedi! Ndinakopera zonse pa flash, ulendo kukakwera galimoto.

Kokaonetsa kunali m'kalasi ina kumudzi. Mawindo anawatchinga ndi zitenje, jenereta ikulira panja, ana atakhala pansi, amayi kumbuyo, afumu pampando patsogolo. Kamtsikana kanayamba kuyenda. Mtengo wa mango, umene unayenera kudutsa msanga, unangoti chilili. Koma phiri, abale inu, phiri lija la Sapitwa wa mamita 3,002, linanyamuka ndi liwiro n'kutulukira kumanzere, kusiya thambo lokhalokha. Ndisanapume n'komwe, linatulukiranso kumanja, poti ndinalilumikiza kuti lizibwereza, n'kudutsanso. Nambala ya mango inali itapita kwa phiri, ya phiri kwa mango.

Ana anakuwa ndi chimwemwe, ena kuimirira kumalichemerera. Agogo ena anavundukuka pamkeka, mpango uli m'manja.

"Iwe mwanawe, zimitsa msanga! Kuphiri kuja kuli mizimu, si kochitira masewera!"

"Agogo, ndi manambala chabe awa, ndasinthanitsa..."

"Manambala ake ati onyamula phiri? Ine ndabadwira pano, sindinalionepo likusuntha ngakhale chala chimodzi."

Ndinayang'ana afumu, thukuta lili kamukamu, ndikudikira mlandu wa mbuzi. Iwo anakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, tabwerezani pomwe likudutsa paja. Sindinaone bwino ngati munda wanga wapita nalo."

Tinabwereza. Za sopo palibe anaziona, ngakhale mnzanga anathera sabata zambiri akukonza thovu la m'manja mwa kamtsikanako, ndipo ulendo wonse wobwerera sanandilankhule.

Pomaliza, mayi wina wa kubungwe lija anayesetsa kupulumutsa tsikulo. Anaimirira akumwetulira mokakamiza n'kufunsa kuti, "Ana inu, mwaphunzira chiyani lero?"

Kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo kanakweza dzanja. "Ukapanda kusamba m'manja, phiri limathawa."

Mayiwo analemba yankholo m'kope mwawo.