Misewu ya zii ya ku Crete Senesi

Ndinatsika sitima pa Asciano, tauni ya ku Italy pafupi ndi mzinda wa Siena, 7 koloko isanakwane, Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi, udzu udakali ndi mame. Njinga yanga ndi yachitsulo, yakale ndithu. Ndinaigula ku Siena kwa bambo wina amene mawondo anali atayamba kuwakaniza kupalasa. Ndi yolemerako poyerekeza ndi zamakonozi, koma kumbuyo ili ndi giya imodzi yofewa kwambiri, ndipo kudera lino giya imeneyo ndiye m'bale wako. M'matumba a kumsana ndinaika chubu chapadera, kapampu, nthochi ziwiri ndi timakobiri togulira khofi.

Ukangotuluka mu Asciano kulowera ku nyumba ya amonke ya Monte Oliveto Maggiore, chikweza chimakulandira miyendo isanatenthe n'komwe. Dera limeneli, kum'mwera chakum'mawa kwa Siena, amalitcha Crete Senesi, ndipo mawu oti crete akunena dongo. Kalekale kuno kunali pansi pa nyanja, moti mpaka lero pulawo ikadutsa imafukula zigoba za nkhono za m'nyanja. Dongo lake ndi lotuwa, madzi salowa msanga, mitengo simera bwino. N'chifukwa chake zitunda zake ndi zosalala ngati mitu yometa mpala, zongofunda tirigu basi. Malo ena mvula inazing'amba n'kusiya zigwembe zakuya zimene eni dera amati calanchi. Msewu sudzera m'chigwa, umatsata msana wa chitunda, ndiye ukamapalasa dziko limagwera mbali zonse ziwiri, tirigu biriwiri uku, maluwa ofiira psuu uko, ndipo kutali kum'mwera phiri la Amiata, lotalika mamita 1,738, lili njo osasuntha tsiku lonse.

Pachidikha palibe. Ukwera kilomita imodzi, utsetsereka theka, ukweranso. Amene anazolowera kukankha giya yolimba kuti afike msanga, kuno amathera mphamvu m'mawa womwewo. Ine zitunda zimenezi zinandiphunzitsa kusintha giya chikweza chisanayambe kuluma, kukhala pachishalo phee, ndi kupalasa mofewa mosalekeza. Kuimirira pamapedulo ndimasungira pokhota pamene msewu waimirira zenizeni.

Ola loyamba lonse anandipitirira magalimoto atatu ndi thirakitala imodzi. Ndinawerenga. Kupatula apo ndinkangomva tcheni, kupuma kwanga, timbalame tolira m'mwamba mosaoneka ndi mabelu a nkhosa kutsidya. Bata limeneli ndi limene limandidzutsa usiku kukakwera sitima yoyamba. Koma kwa nthawi yaitali sindinadzifunsepo kuti linachokera kuti.

Pamwamba pa chitunda chilichonse pali nyumba yaikulu ya njerwa, masitepe ake ali panja, ndi mzere wa mitengo yakuda yosongoka imene amati cipressi. Zina anazikonza bwino, pageti pali chikwangwani choti agriturismo, malo ogona alendo. Zina n'zotseka, matailosi a padenga anagwera m'kati, mkuyu ukutulukira pawindo. Maulendo oyamba ndinkangoti kukongola kwake, n'kujambula, n'kumapita.

Tsiku limenelo ndinakhotera ku Chiusure, kamudzi kokhala pamwamba pa zigwembe, kukatunga madzi. Pampopi ndinapeza agogo ena atakhala pabenchi, ndodo ili pakati pa miyendo. Anayamba ayang'ana njinga, kenako ine.

"Yachitsulo imeneyi. Mwachokera nayo kuti, mwana wanga?"

"Ku Asciano, agogo. Ndikupita ku Montalcino."

"Ndiye imwani ambiri, chikweza chenicheni simunachione."

Ndinawauza kuti ndimakonda kuno chifukwa misewu ilibe anthu. Anakhala chete pang'ono, kenako anakweza ndodo n'kuloza nyumba ina yotseka kutsidya kwa chigwembe. Anati anabadwira mmenemo, ndipo ankakhalamo anthu 14: agogo awo, bambo awo ndi azichimwene awo awiri, akazi awo ndi ana. Pansi pankagona ng'ombe zoyera zolimira, anthu pamwamba, ndipo nthawi yozizira kafungo ndi kutentha kwa ng'ombezo zinkakwerera limodzi. Munda sunali wawo, nyumbanso sinali yawo. Tirigu, mafuta a azitona, vinyo, zonse ankagawana pakati ndi mwini malo. Kapitawo wake, amene ankamutcha fattore, ndiye ankasunga buku la ngongole, ndipo pa zikondwerero ankayembekezeranso mazira ndi nkhuku. Iwo anachoka ali mnyamata kukagwira ntchito ku mafakitale a nsalu ku Prato, ndipo anabwerera atapuma pantchito.

"Kodi mumaisowa nyumbayo, agogo?"

"Phokoso lake ndimalisowa. Matope ayi. Inu mwabwera dzuwa likuwala. Mudzabwere mu Januwale mudzaone dongo limeneli mmene limagwirira nsapato."

Kakhalidwe kameneka ku Italy amati mezzadria, kulima mogawana theka, ndipo kanakhala m'chigawo chino cha Toscana zaka mazanamazana. Anali matenanti obadwira pamunda wa wina n'kufera pomwepo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale atachuluka, achinyamata anayamba kuchoka, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mabanja athunthu anatseka zitseko n'kutsikira kumatauni. Mu 1964 boma linakhazikitsa lamulo loletsa mapangano atsopano a mtundu umenewu. Minda yambiri yosiyidwayo inagulidwa ndi abusa ochokera ku chilumba cha Sardegna, amene anawoloka nyanja ndi nkhosa zawo. Mabelu amene ndinkamva m'mawa aja ndi a nkhosa za ana ndi adzukulu awo. Timisewu tonse tokhotakhotati anatilambula kuti tilumikize nyumba ndi nyumba, munda ndi tchalitchi, pa nthawi imene pachitunda chilichonse pankafuka utsi. Anthuwo anapita, timisewu tinatsala, ndipo lero tikupalasamo ndife.

Kuchoka pa Chiusure, nyumba ya amonke ya Monte Oliveto Maggiore ili pansi pomwepo, njerwa zofiira pakati pa nkhalango ya cipressi. Anaiyambitsa ndi Bernardo Tolomei wa ku Siena, amene anabwera ndi anzake awiri kudzakhala kwaokha m'chipululu chino mu 1313, ndipo anamwalira mu 1348 akusamalira odwala mliri kwawo ku Siena. Amonke ake amavala zoyera. Ndinalowapo kale kukaona zithunzi za moyo wa Benedikito Woyera zimene Luca Signorelli ndi Sodoma anajambula pamakoma, koma tsikuli sindinaime. Mtsetse wopita ku Buonconvento unali kundiitana: makilomita angapo okhota mofewa, phula labwino, zala zili pamabuleki koma osafinya, mphepo ikuumitsa thukuta la kumsana.

Pa Buonconvento ndinamwa khofi choimirira pakauntala, yuro imodzi ndi masenti 20, n'kudya buledi wa kuno wopanda mchere ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa. Tauniyi ndi yozingidwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo mbiri imaikumbukira chifukwa mfumu yaikulu ya Ufumu Woyera wa Roma, Henry VII, inafera pano mu 1313. Ndinali nditadutsapo kangapo osadziwa kuti m'kati mwa mpandamo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale za alimi a mezzadria. Mawu a agogo aja adakali m'mutu, ndinakhoma njinga n'kulowa. Magoli a ng'ombe, zikwakwa, miyezo yoyezera tirigu pogawana. Ndinaima nthawi yaitali pa miyezoyo.

Msewu waukulu wa Cassia umadutsa pomwepa, ndipo malangizo anga kwa aliyense wa njinga ndi oti auwoloke n'kuusiya msanga. Magalimoto onse amene simunawaone kuzitunda ali mmenemo, ndipo m'mbali mulibe malo.

Chikweza cha Montalcino agogo sananame. Kuchoka m'chigwa cha mtsinje wa Ombrone kufika m'tauni umakwera pafupifupi mamita 400, ndipo gawo lalikulu lili kumapeto, dzuwa litafika kale paliwombo. Tauniyo umaionera patali ili pamwamba, linga lake la mu 1361 lili kumapeto, ndipo umapalasa, n'kupalasa, iyo osayandikira. Apa dongo latha, minda ya mphesa yayamba, mizere yowongoka ngati yojambula ndi chingwe. Ndi mphesa za Sangiovese zopangira vinyo wa Brunello, amene saloledwa kugulitsidwa mpaka chaka chachisanu chikolole. Ndinalowa giya yofewa ija, ndinatsegula zipi ya malaya, maso pa phula patsogolo pa tayala. Bambo wina wa imvi anandipeza pa njinga yopepuka, anayenda nane pambali mphindi ziwiri osanena kanthu, kenako anangoti "Dai, dai, ci siamo," kutanthauza kuti tiyeni, tafika, n'kupitirira. Tinali tisanafike, koma mawuwo anandikokera makhota awiri.

Pamwamba panali anthu ambiri, mabasi a alendo, masitolo a vinyo khomo ndi khomo. Tauni imeneyi ndi imene anthu a ku Siena anathawirako mzinda wawo utagonja mu 1555, n'kusunga boma lawo kumeneko mpaka 1559. Ndinadzaza mabotolo onse awiri, chifukwa m'timidzi ta kutsogolo masitolo amatseka masana ndipo si mpopi uliwonse umene madzi ake ndi akumwa. Polembedwa kuti non potabile osayerekeza.

Nditatsetserekera ku Torrenieri ndinasiya phula dala n'kulowa msewu wa miyala wodzera ku Lucignano d'Asso. Misewu yotereyi amaitcha strade bianche, misewu yoyera, chifukwa cha miyala yake ndi fumbi lake la mbee. Mu 1997 Giancarlo Brocci anayambitsa ku Gaiole in Chianti ulendo wa njinga zakale wotchedwa L'Eroica. Oyamba anali anthu 92 okha, ndipo cholinga china chinali choti misewu imeneyi isathiridwe phula. Kuyambira 2007 akatswiri nawonso ali ndi mpikisano wawo, Strade Bianche, umene umathera pabwalo la Piazza del Campo ku Siena. Pa wailesi yakanema amaoneka ngati akuuluka. Ukakhalapo wekha ndi matayala owonda, manja amachita dzanzi, tayala lakumbuyo limaterereka ukaimirira pachikweza, ndipo pamtsetse buleki yakutsogolo uyenera kuigwira ngati dzira. Ndinachotsako mpweya pang'ono m'matayala, njinga inaleka kudumphadumpha.

Ndi pamenepo pamene ndinakumana ndi agalu a nkhosa, awiri, oyera, aakulu ngati ana a ng'ombe. Mtundu wake amati maremmano, ndipo ntchito yawo ndi kulondera nkhosa kuopa mimbulu, imene yachulukanso m'zaka zapitazi. Mbusa panalibe. Mtima unagunda kwambiri, koma ndinachita zimene anzanga opalasa anandiuza: ndinatsika, ndinaika njinga pakati pa ine ndi iwo, n'kuyenda pang'onopang'ono mozungulira gulu la nkhosalo, osawayang'ana m'maso. Anandiperekeza akuuwa mpaka pamene iwo anaona kuti malire awo athera, kenako anabwerera. Miyendo inanjenjemera mpaka ku San Giovanni d'Asso. Kumeneko ndinawoloka njanji ya Asciano kupita ku Monte Antico, imene inasiya kunyamula anthu tsiku ndi tsiku mu 1994. Masiku ano imangodutsa sitima yakale ya alendo pa masiku osankhika.

Sindinaleke kukonda bata la misewu imeneyi, ndipo Loweruka likubwerali ndidzakweranso sitima yomweyo. Chimene ndaleka ndi kuuza anzanga kuti kuno n'kumalo kumene anthu sanakhudze. Chitunda chilichonse chinagawulidwa ndi ng'ombe za munthu, mtengo uliwonse wa m'mbali mwa njira unabzalidwa ndi dzanja. Pagalimoto nyumba zotsekazo zimangodutsa ngati chithunzi. Pa njinga, pachikweza, ukuyenda makilomita 8 pa ola, umakhala ndi nthawi yowerenga mawindo n'kudzifunsa kuti m'chipinda chilichonse munkagona angati.

Pobwerera ku Asciano msewu unandidutsitsanso pafupi ndi Chiusure, dzuwa litapendeka, mphepo ikundiwomba kumaso. Pabenchi paja sindinapiteko. Ndinaima pa kanjira kolowera ku nyumba ina yotseka, ndinatsamiritsa njinga pamtengo n'kuyenda wapansi mpaka pakhomo, nsapato zanga zopalasira zikugogoda pamiyala. Pakhoma la pansi panali mphete zachitsulo zisanu ndi imodzi zomangirira ng'ombe, zadzimbiri koma zolimba. Pambali panali uvuni wa buledi, kukamwa kwake kudakali kwakuda ndi mwaye. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka pawindo lapamwamba. Ndinamwa madzi otsala m'botolo, ndinayang'ana nthawi, ndipo ndinaona kuti ngati ndikufuna kupeza sitima ya ku Siena, makilomita otsalawo ndiyenera kuwapalasa osaimanso.