Kulondola mapazi a The Flaming Lips ku Oklahoma City

Ulendowu ndi wa tsiku limodzi, bola kulawira. Mu Julayi ndi Ogasiti dzuwa la ku Oklahoma City, mzinda wa ku America, limaswa mtengo, pomwe Meyi ndi mwezi wa akamvuluvulu oopsa, choncho yambirani kudera la mumzindawu lotchedwa Bricktown kukadali m'mawa.

Gulu loimba la The Flaming Lips linayambira mumzinda uno mu 1983, ndipo mtsogoleri wake Wayne Coyne, yemwe anakazinga nsomba kulesitilanti ya Long John Silver's zaka zoposa khumi, sanasamukemo. Mu 2007 mzindawu unatcha kanjira kena dzina lakuti Flaming Lips Alley. Musayembekezere chipilala ayi. Ndi kanjira kakuseri kwa nyumba, pafupi ndi bwalo la baseball, ndipo wosayang'ana zikwangwani m'mwamba amakapitirira osadziwa.

Poyenera kuima nthawi yaitali ndi pa The Criterion, holo ya mu Sheridan Avenue, kamtunda kongoyenda pansi. Muno ndi momwe gululi linaimba mu Januwale 2021, Covid ili pachimake, anthu onse ali m'mabaluni apulasitiki. Mabaluni a owonera anali 100, lililonse lolowa anthu osapitirira atatu. M'kati munali kasipika, botolo la madzi, kafani ka mabatire, thaulo, ndi kachikwangwani ka mbali ziwiri: ina yopempha kukataya madzi, ina yodandaula kutentha.

Chilichonse chinali ndi ntchito yake. Mpweya ndi thukuta la anthu zimachititsa nthunzi papulasitiki mpaka siteji osaoneka, ndiye thaulo linali lopukutira. Kukatentha, antchito ankapoperamo mpweya watsopano ndi makina ouluzira masamba. Kuwomba m'manja nakonso sikumveka kunja, motero anthu ankamenya denga la baluni. Nzeru yotere siinabwere mwangozi, pakuti Coyne anali atazolowera kale kugubuduka m'baluni pamitu pa owonera.

Mukachoka apo kwerani kasitima ka mumsewu, kamene kanayamba kuyenda mu Disembala 2018, mukatsikire kudera lotchedwa Automobile Alley. Mu NW 9th Street muli nyumba yotchedwa The Womb, imene Coyne ndi anzake anatsegula ngati malo a zaluso. Khoma lake lakunja, la mitundu yowala yothobwa m'maso, analipenta Maya Hayuk. Kuyambira 2019 m'katimo muli chionetsero cha gulu la zaluso la Factory Obscura, chomwe mumalipira pakhomo, ndipo zinthu zake n'zololedwa kugwira ndi kukwawiramo, ana ndi akulu omwe.