Sabata yofufuza anamwino m'makaundula ku Angónia

Ntchito yanga ndi yolandira malipoti a pamwezi ochokera m'zipatala zazing'ono za m'boma la Angónia ku Mozambique ndi kuwalowetsa mu SIS-MA, pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo yomangidwa pa DHIS2, pulogalamu yosungira ziwerengero za zaumoyo ya ku yunivesite ya Oslo. Sabata ino abwana anafuna kudziwa kuti namwino aliyense waona amayi oyembekezera angati m'miyezi itatu yapitayi, kuti aone kumene antchito akuchepa.

Kuwerengera chipatala ndi chipatala kunatha Lolemba lomwelo, chifukwa chilichonse chili ndi nambala yake m'kompyuta. Panavuta ndi pa anthu. M'kaundula namwino amangosaina dzina, ndipo mmodzi ndinamupeza atalembedwa mitundu itatu: dzina lonse, zilembo zoyambirira zokha, ndiponso kalembedwe kachipwitikizi. Wina amene anasamutsidwa pakati pa mwezi anaoneka ngati anthu awiri, pomwe awiri amfunda umodzi anasanduka munthu mmodzi wooneka ngati wagwira ntchito yoposa mphamvu za munthu.

Lachitatu ndinapita kuchipatala china chakufupi ndi malire a Calómuè kukafunsa maso ndi maso. Amayi oyang'anira pamenepo ananditulutsira makhadi a odwala omwa ma ARV, nandionetsa NID, nambala yozindikiritsa wodwala, pamwamba pa khadi lililonse: nambala ya chipatala, chaka, kenako ya wodwalayo. "Wodwala timamupeza msanga, achimwene," anatero, "koma womuthandiza mumudziwa ndi kalembedwe ka dzanja basi."

Pamsonkhano wa Lachinayi ndinatchula za ku America, kumene lamulo la HIPAA la 1996 linabweretsa NPI, nambala ya manambala 10 yozindikiritsa wopereka chithandizo cha zaumoyo imene inakhala yokakamiza mu 2007. Dokotala amakhala nayo moyo wake wonse, kaya wasamuka kaya wasintha dzina, ndipo siinena kumene amagwira ntchito. Ine ndikuona kuti mphamvu yake ili pomwepo, pakuti nambala yonyamula malo imayamba kunama munthu akangosamuka. Ndi nambala yotere, kaundula wa sikelo, wa mankhwala ndi wa malipiro amalumikizika popanda kungoganizira.

Madokotala athu ali nayo nambala ya ku Ordem dos Médicos, bungwe la madokotala, koma m'makaundula amene ndimalandira siilembedwa. Lachisanu tinagwirizana zopanga mndandanda wathu wa m'boma, wantchito aliyense nambala imodzi, ndipo kuyambira mwezi wamawa azidzailemba pambali pa siginecha.