Chinangwa cha m'dambo: dothi lakuda lokha silikwanira

Madzi a mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe akaphwa, amasiya matope akuda onona, ndipo ambiri amathamangira kubzala chinangwa pomwepo. Koma chinangwa sichigwirizana ndi madzi odikha. Mizu ikakhala m'madzi masiku angapo imayamba kuwola, pokumba n'kupeza zonunkha zokhazokha.

Choncho ungani mizere yokwera bwino m'mwamba, yotalikirana masentimita 90. Mbewu muidule masentimita 25 mpaka 30, ya mfundo zosachepera zisanu, ndipo muibzale mopendeketsa pamwamba pa mzere.

Chimene chimanyenga alimi ndi masamba. Dothi lononali likachuluka nayitirojeni (mchere wa m'nthaka wokulitsa masamba), chinangwa chimabiriwira, chigwada n'kumapezeka tsiku lililonse, koma pansi n'tizinangwa towonda. Chimene chimatupitsa mizu ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndiye yuleya, feteleza wa nayitirojeni, musathireko. Phulusa la pamoto limathandiza poti lili ndi potaziyamu: wazani dzanja limodzi mozungulira phando, losakhudza tsinde.

Kumchenga wa ku Makanjira ndi ku Malindi nkhani ndi ina. Kumeneko chonde chimatsika ndi mvula, ndiye pamafunika manyowa okhwima bwino, ndi kubzala mtedza pakati pa mizere.

Chinangwa cha m'dambo chikumbeni madzi asanasefukirenso.