Zaka zisanu tikulimbana ndi nkhupakupa ku Mangochi

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chiyambireni ntchito yopopera ziweto. Mu 2019 tinali ndi sipuleya imodzi yobereka kumsana ndi njinga yakapalasa basi. Lero tili ndi kashopu pa boma, njinga yamoto ndi anyamata awiri, ndipo timafika mpaka ku Namwera ndi ku Chilipa.

Chatisunga pa ntchitoyi ndi kudziwa nyengo. Nkhupakupa siuluka, siidumphanso. Imakwera pansonga ya udzu n'kumadikira ng'ombe kapena mbuzi idutse. Mu Okutobala, dzuwa la kuno likamaswa mtengo, imatsika kukabisala pansi pa masamba chifukwa ikauma imafa. Mvula ikangoyamba, nkhupakupa zikuluzikulu zimatuluka, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo mumazipeza zitadzaza m'makutu, kubere ndi pansi pa mchira. Kumene kuli mitengo yambiri, monga m'mphepete mwa nkhalango ya Namizimu, mthunzi umasunga chinyezi nthawi yaitali kuposa kugombe, choncho oweta kumeneko timawayendera pafupipafupi. Nkhupakupa yaikazi imodzi ikakhuta magazi imagwa pansi n'kuikira mazira masauzande. N'chifukwa chake timakangana ndi anthu amene amati adzapopera akaziona.

Dzinja lapitali tinatsala pang'ono kutseka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala a dipi anakwera mtengo koopsa. Amene tinkawadalira pa ngongole anatiuza kuti bizinesi ya nkhupakupa si bizinesi. Pothawa mtengo tinaoda kwa munthu wina wachilendo, osadziwa kuti mankhwala ake ndi osungunula ndi madzi. Tinapopera makola asanu ndi limodzi, mvula ili mkati. Patangopita masabata awiri bambo wina wa ku Namwera anandiimbira kuti ng'ombe yake ikukodza mkodzo wofiira, chizindikiro cha matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo inafa. Usiku umenewo sindinagone. Ndinagulitsa mbuzi zanga zinayi, tinagula mankhwala enieni n'kupoperanso makola onse ulere. Wotigulitsayo akudzidziwa yekha, ndipo pakhomo pathu sadzapondanso.

Zikomo bambo aja, chifukwa munatikhululukira ndipo mpaka lero mumatiitana. Zikomo mayi a kunyumba, amene munalola kuti mbuzi zipite pomwe fizi ya ana inali isanakwane. Zikomo alangizi a ziweto potiphunzitsa kayezedwe ka mankhwala, mafumu potilola kulankhula pa misonkhano, anyamata athu oyenda m'matope, ndi inu nonse oweta amene mumatilozera kwa anzanu.

Mvula yayandikira. Bwerani mulembetse khola lanu isanagwe. Timapopera m'mawa kukakhala kopanda mitambo kuti mankhwala aume pathupi asanatsukidwe, agalu timasambitsanso, ndipo botolo timalitsegula inu mukuona. Oweta oyandikana mukasonkhana asanu, mtengo wa ulendo timachotsera.