Mmene ndinafufuzira vuto la eyakoni imene inasiya kuziziritsa m'nyumba

Eyakoni ikayamba kutulutsa mpweya wofunda, anthu ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha, ndipo amaitana mmisiri kuti adzathiremo wina. Ine sindinafune kuyambira pamenepo nthawi imene eyakoni ya pabalaza langa inayamba kufooka, chifukwa gasi wa m'makina amenewa satha ngati mmene amathera mafuta m'galimoto. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti pena pake pabooka. Choncho ndinaganiza zoyamba ndi zinthu zimene ndikanatha kuziona ndi maso ndiponso kuzigwira ndi manja popanda ngozi, kenako n'kumapita ku zovuta, kuti ngati pangafunike mmisiri ndidzakhale ndi zomveka zomuuza.

Eyakoni yanga ndi ya zigawo ziwiri, china chokoloweka pakhoma m'nyumba ndipo china chili panja. M'chigawo cham'kati muli masefa, koyilo (timapaipi ta gasi topindapinda todutsa m'timalata) imene imazizira ndi fani yokankha mpweya, pamene chakunja chili ndi kompuresa yopopa gasi m'mapaipi, koyilo imene imatentha ndi fani yakeyake. Chimene chinandithandiza kwambiri pa kafukufuku yense ndi kukumbukira kuti makinawa sapanga kuzizira, koma amatola kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya panja. Ngati mpweya sukudutsa bwino pakoyilo yam'kati, kutentha sikutoledwa, ndipo ngati sukudutsa bwino pakoyilo yakunja, kutenthako kumasowa kotayikira. Mavuto ochuluka a eyakoni za m'nyumba amagona pa njira ziwiri za mpweya zimenezi.

Ndinayamba ndi rimoti, ngakhale kuti zimaoneka ngati zachibwana. Batani losankhira ntchito likhoza kudinidwa mwangozi, makina n'kuchoka pa Cool, pamene pamaoneka kachizindikiro konga nyenyezi ya nthambi, n'kupita pa Fan, pamene fani yokha ndiyo imazungulira kompuresa ili chete, kapena pa Dry, pamene pamaoneka kadontho ka madzi ndipo makina amalimbana ndi chinyezi m'malo moziziritsa mwamphamvu. Yanga inali pa Cool ndithu. Ndinaika madigiri 24, fani ndinaiika pa liwiro lapamwamba, ndinazimitsa Sleep ndi Eco zimene zimachepetsa mphamvu mwadala, ndipo ndinadikira pang'ono ndisanaweruze chilichonse, pakuti makina ambiri amachedwetsa kompuresa kwa mphindi pafupifupi 3 akangoyatsidwa pofuna kuiteteza. Ena amatsitsa nambala mpaka pa 16 poganiza kuti mpweya uzizira kwambiri, koma nambala imeneyo imangouza makina nthawi yoleka, ndipo eyakoni yodwala singachire chifukwa choilamula kuti igwire ntchito yaikulu kuposa imene ikuikanika kale.

Khungu la munthu limanyenga, makamaka tsiku lotentha, motero ndinatenga choyezera kutentha chaching'ono kuti ndikhale ndi nambala yodalirika. Makina atagwira ntchito kwa mphindi pafupifupi 15, ndinayeza mpweya wolowa, pamwamba pa chigawo cham'kati, kenako ndinayeza wotuluka pakamwa pake penipeni. Eyakoni yathanzi imatsitsa mpweya ndi madigiri apakati pa 8 ndi 12, kutengera chinyezi ndi liwiro la fani. Yanga inkangotsitsa ndi madigiri 4, ndipo mpweyawo unkatuluka mofooka ngakhale kuti fani inkamveka kuti ikuthamanga kwambiri. Phokoso lalikulu lokhala ndi mpweya wochepa linandiuza kuti pali chimene chatseka njira.

Ndisanatsegule chilichonse ndinazimitsa makina ndi rimoti, kenako ndinazimitsanso magetsi ake pa switchi ya pakhoma, chifukwa rimoti simadula magetsi olowa m'makina. Nditakweza chivundikiro chakutsogolo ndinasolola masefa awiri, ndipo nditawayang'anitsa kuwala sikunkadutsa n'komwe chifukwa cha fumbi ndi ubweya wa nsalu zimene zinali zitamatirira. Ndinawagwedza panja, ndinawatsuka ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, kuthira madziwo kuchokera kumbuyo kuti litsiro lituluke mbali imene linalowera, ndipo ndinawayanika pamthunzi. Madzi otentha kwambiri kapena dzuwa lamphamvu zimapinditsa pulasitiki ya masefawa, ndipo sefa yopindika siyikhalanso bwino m'malo mwake. Mabuku ambiri a makinawa amalangiza kutsuka masefa pa masabata awiri alionse m'nyengo imene eyakoni ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Kuseri kwa masefa n'kumene ndinapeza chimene chinkafooketsa mpweya kwenikweni. Mbali ina ya koyilo inali itakutidwa ndi madzi oundana. Zimadabwitsa kuona makina osaziziritsa ali ndi ayezi m'kati, koma chifukwa chake n'chomveka: mpweya wofunda wa m'chipinda ukachepa pakoyilo, koyiloyo imazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 0, chinyezi chimene chimayenera kudontha chimaundana, ndipo ayeziyo amatsekanso timipata totsala mpaka mpweya kusoweratu podutsa. Ayezi ameneyu amabwera pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu, kuchepa kwa mpweya kapena kuchepa kwa gasi, ndipo pa nthawiyo sindikanatha kudziwa kuti changa chinali chiti. Sindinayese kumupala ndi mpeni kapena chitsulo chilichonse, chifukwa timalata ta koyilo n'topyapyala kwambiri ndipo timapaipi tamkuwa todutsamo tikabooka, vuto laling'ono limasanduka lalikulu. Ndinayala nsalu pansi, ndinabwezera magetsi, n'kuika makina pa Fan yokha kuti mpweya wa m'chipinda usungunule ayeziyo mwa iwo wokha. Zinatenga maola angapo.

Koyilo itauma ndinadulanso magetsi n'kuisesa mopepuka ndi burashi yofewa, kutsata mizere ya timalata kuchokera pamwamba kupita pansi. Ndinaunikanso ndi tochi pakamwa potulukira mpweya kuti ndione fani yam'kati, imene ndi yaitali yobulungira ndipo ili ndi timapiko tambirimbiri. Timapiko timeneti tikadzaza litsiro, fani imazungulira koma siikoka mpweya wokwanira, ndipo ambiri amaiiwala chifukwa imabisika. Yanga inali ndi fumbi lochepa limene ndinalichotsa ndi kaburashi, uku ndikuizungulitsa pang'onopang'ono ndi chala.

Nditabwezera masefa ouma n'kuyatsa makina, mpweya unatuluka mwamphamvu ndipo m'mawa mwake kusiyana kunafika pa madigiri 9. Ayezi sanabwerenso, zimene zinandipatsa chikhulupiriro chakuti anayamba chifukwa cha masefa. Komabe dzuwa litakwera, mpweya unayambanso kufunda, kenako n'kuzizira, kenako n'kufundanso. Eyakoni imene imachita bwino m'mawa koma n'kulephera masana kawirikawiri imakhala kuti ikukanika kutaya kutentha, choncho ndinapita kuchigawo chakunja.

Kumeneko ndinapeza zinthu ziwiri. Kumbuyo kwake, kumene mpweya umalowera, kunali masamba ouma ndi ndandala za akangaude, ndipo koyilo inali itada ndi fumbi. Kutsogolo, kumene fani imatulutsira mpweya wotentha, kunali kutatsamiritsidwa katundu amene ankabweza mpweyawo, moti makina ankakokanso mpweya womwe angoutaya. Ndinachotsa katunduyo, ndinadula magetsi, ndinatola masamba, ndipo ndinatsuka koyilo ndi paipi yothiririra maluwa, madzi akuyenda mofatsa, ndikupewa mbali imene kuli kabokosi ka mawaya. Makina opopera madzi mwamphamvu sayenera kufika pamenepa, chifukwa amagoneka timalata ndipo mpweya umatsekeka kuposa kale. Madzi oyamba anatuluka akuda bii, ndipo ndinapitiriza mpaka anayera.

Ndili komweko ndinayang'ana mapaipi awiri amkuwa olumikiza zigawo ziwirizi. Makina akamagwira bwino ntchito, paipi yaikulu imakhala yozizira poigwira ndipo imachita thukuta pamalo olumikizira. Pa makina a mtundu uwu, ayezi pa paipi yaying'ono nthawi zambiri amasonyeza kuchepa kwa gasi, ndipo timadontho ta mafuta tokoka fumbi pa manati olumikizira timasonyeza pamene gasi akutulukira, popeza amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa. Sindinapeze ayezi kapena mafuta. Chinkhupule chakuda chokutira mapaipi chinali chitang'ambika pang'ono ndi dzuwa, ndipo ndinachikulunga ndi tepi. Kapaipi kotayira madzi kankadontha bwinobwino, chizindikiro chakuti koyilo yam'kati inkazizira ndithu nthawi zina.

Vuto lotsala linaonekera nditaima pafupi ndi chigawo chakunja masana n'kumamvetsera. Fani inkazungulira mosalekeza, koma mpweya wotuluka sunali wotentha nthawi zonse. Ndinkamva kulira kwapansipansi kwa masekondi ochepa, kenako kaphokoso kakuti tha, n'kukhala zii, ndipo pakapita mphindi zingapo zomwezo zinkabwerezeka. Kumeneku kunali kuyesa kwa kompuresa kuti idzuke, ikukanika, ndipo kachipangizo koiteteza kakuidula ikatentha. Eyakoni yanga si ya inverter, choncho kompuresa yake imadalira kapasita, kachipangizo kosunga magetsi, kuti iyambe ndi kuyenda, ndipo kapasita ikafooka zizindikiro zimakhala zimenezi, ngakhale kuti magetsi ofooka kapena kompuresa yotopa zingachitenso chimodzimodzi. Makina a inverter amasintha liwiro la kompuresa pogwiritsa ntchito bolodi yamagetsi, ndipo akakhala ndi vuto ambiri amaonetsa nambala kapena amaphethira nyali, zimene tanthauzo lake limapezeka m'buku la makinawo.

Apa ndi pamene ntchito yanga inathera. Kapasita imasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa, ndipo munthu wosadziwa kuikhuthula akhoza kuvulala koopsa. Ndinazimitsiratu eyakoni, chifukwa kusiya kompuresa ikulimbana chotero kungapsereze mawaya ake am'kati, ndipo kompuresa ndiyo chipangizo chodula kwambiri m'makina onse.

Mmisiri atabwera ndinawafotokozera zonse motsatana: manambala amene ndinayeza, ayezi amene sanabwerenso, mapaipi opanda mafuta ndi kulira kwa masana. Iwo anayamba ndi kuyeza mphamvu ya magetsi olowa ndipo anapeza kuti ili bwino. Atadula magetsi anatsegula kabokosi, anakhuthula kapasita, n'kuichotsa. Pamwamba pake panali patatupa pang'ono m'malo mokhala pafulati, ndipo atayeza ndi mita anapeza kuti mphamvu yake yatsika kutali ndi 35 µF (muyeso wa mphamvu ya kapasita) yolembedwa pambali pake. Anaikamo ina ya nambala yomweyo, ndipo anandiuza kuti kuika ya µF yosiyana kumatenthetsa kompuresa, komanso kuti nambala ya mavoti ya kapasita yatsopano isachepere pa ya yakaleyo. Ananenanso kuti kutentha ndi kumene kumafooketsa makapasita msanga, zimene zinandichititsa kuganiza kuti koyilo yakuda ija inathandizira kuti kapasitayo ife, ngakhale kuti ukalamba wake wokha ukanathanso kutero.

Ndinawapempha kuti ayezenso gasi, osati kuti athiremo. Analumikiza mageji awo oyezera gasi, anayeza magetsi amene kompuresa inkakoka n'kuwayerekeza ndi olembedwa pa kachikwangwani ka pambali pa makina, ndipo anati zonse zili m'malo mwake. Ndimaona kuti pempho limeneli n'lofunika kulinena momveka, chifukwa gasi wopitirira muyeso amachepetsa kuzizira ndiponso amalemetsa kompuresa. Akanapezeka kuti wachepa, ntchito yoyenera ikanakhala kufufuza pobooka ndi thovu la sopo kapena ndi nayitirojeni, kukonza pamenepo, kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu ya vacuum, kenako n'kuthira gasi woyezedwa pasikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa kachikwangwani kaja. Kungothira popanda kutseka pobooka kumabweretsa vuto lomwelo pakapita miyezi yochepa. Mtundu wa gasi nawonso umalembedwa pomwepo ndipo susakanizidwa: makina akale ambiri ali ndi R22, amene akuthetsedwa pang'onopang'ono motsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni, mpweya wa mumlengalenga umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, pamene atsopano ali ndi R410A kapena R32. Gasi wa R32 amatha kuyaka pang'ono, chimene ndi chifukwa china chosiyira mbali imeneyi kwa munthu wophunzira ntchitoyi.

Kapasita itasinthidwa, kompuresa inkadzuka nthawi yomweyo, mpweya wotuluka panja unali wotentha mosalekeza, ndipo kusiyana kwa mpweya wolowa ndi wotuluka m'nyumba kunakhazikika pa madigiri 11 ngakhale masana. Panatsala chinthu chimodzi chimene sichinali cha makina. Chakumadzulo balaza linkachedwabe kuzizira, ndipo mmisiri uja atayang'ana kukula kwake anati eyakoni ya 12,000 BTU, imene ndi pafupifupi makilowati 3.5 a mphamvu yoziziritsa, ndi yokwanira chipindacho pokhapokha ngati chili chotsekeka. Chitseko cholowera kukhitchini chinkakhala chotsegula, ndipo zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo linkalowetsa dzuwa lonse kudzera m'katani yopyapyala. Ndinaika katani yokhuthala, ndinamata labala m'munsi mwa chitseko chakunja mmene munkalowa mpweya wotentha, ndipo chitseko cha kukhitchini ndimachitseka eyakoni ikayaka. Chipinda tsopano chimafika pa madigiri 24 dzuwa lisanalowe, ndipo kompuresa imapeza nthawi yopuma m'malo mothamanga madzulo onse.