Zikomo nonse amene munandigwira mkono pa nkhani ya mathandala

Dzulo madzulo tinakweza mathandala 12 oyanikira usipa pa lole yopita ku Makawa, m'boma la Mangochi, oyamba amene anthu agula ndi ndalama zawo. Usiku ndinasowa tulo, ndiye ndati ndilembe mawu awa mtima ukadali wodzaza.

Ine sindinapite ku koleji. Nditalemba MSCE mu 2021, ndalama zopitirizira sukulu zinasowa, ndipo ndinkangothandiza amayi kugulitsa usipa. Apo m'pamene ndinkaona usipa woyanikidwa pansi ukudzaza mchenga, mvula ikagwa n'kuwola, ogula n'kumadula mtengo mmene afunira. Ndinayamba kuonera pa YouTube, ndi bando ya usiku, momwe anthu amaganizira chinthu, kuchijambula, kuchiyesa, mpaka chifike m'manja mwa wochigwiritsa ntchito. Kenako ndinaphunzira Tinkercad, pulogalamu yaulere yojambulira zinthu pa kompyuta ya kampani ya Autodesk. Achimwene amene munkandibwereka laputopu Loweruka lililonse osandiwerengera maola, dzina sinditchula koma mukudzidziwa. Zikomo.

Koma aphunzitsi anga enieni ndi inu amayi a pa doko. Thandala langa loyamba linali lokongola pa kompyuta, ndipo ndinabwera nalo monyadira. Mayi wina analinyamula pang'ono, n'kulitsitsa, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ichi asenze ndani kuchokera kunyumba?" Linali lolemera ngati chitseko. Thandala lachiwiri ndinalipeputsa, mwera wa mu Juni n'kuligwetsa pamodzi ndi usipa wa eni ake. Tsiku limenelo ndinalira. Inu simunandilipiritse, munatola nsombazo, n'kundiuza kuti miyendo ndiitambasule ndipo ikhale yozikika mumchenga. Waya uja munati akuchita dzimbiri n'kudetsa nsomba, ndiike neti. Munatinso likhale lofika m'chiuno kuti msana usamapweteke potembenuza usipa, komanso mbuzi ndi agalu asamafikire. Zonsezi sindinazipeze mu vidiyo iliyonse. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti thandala limeneli munalipanga ndinu, ine ndinangogwira pensulo.

Malume, inu munandilola kuwononga zidutswa za zitsulo pa shedi yanu yowotcherera, ndipo magetsi akazima munkadikira nane mpaka usiku kuti timalize. Hinjesi yopindira miyendo ija tinaibwereza kasanu. Munkangoti, "Jambulanso, tione." Mulungu akudalitseni.

Anzanga a kabaza, mwandinyamulira zitsulo kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kangapo, nthawi zina pangongole. Nanunso anzanga achiyao amene munkandimasulira pamene Chiyao changa chinkaperewera pofunsa agogo mafunso, sikomo kwejinji.

Ntchito siinathe. Chivindikiro cha pulasitiki chotchingira mvula chikung'ambika msanga ndi dzuwa la kuno, ndipo ndikufuna ndichikonze dzinja lisanafike. Amene mwagula, chonde mukaona cholakwika musandibisire. Mwezi wamawa ndibwera ndi kope langa kudzamva.

Amayi anga, munatenga ndalama ya mpamba wanu wa usipa n'kundigulira zitsulo ziwiri zoyamba, anthu akunena kuti mwana wanu akuseweretsa nthawi pa foni. Simunandifunse kuti ndidzabweza liti. Thandala la nambala 13 sindigulitsa, ndalipenta kale mtundu wobiriwira umene mumaukonda, ndipo ndibwera nalo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.